Mphuno ndi Basi ya Amalume

Lolemba

Mvula yagwa usiku wonse, komboni yathu ya Kanyama, muno mu Lusaka, yasanduka dziwe. Ndafika ku kafe ya intaneti kumene ndimagwira ntchito nsapato zili m'pulasitiki, buluku nditapindira m'maondo. Koma lero ngakhale matope sakundinyansa. Ndili ndi nkhani!

Ndiilembe bwinobwino, kuti ndikadzalemera ndidzakumbukire kumene zinayambira.

Ba Chileshe ndi mayi amene ali ndi kakampani ka zaintaneti mtauni. Sabata yatha anadzaona m'bale wawo kuno, nalowa m'kafe mwathu kudzasindikiza pepala. Ine ndinali pa kompyuta ya pakona, ija makasitomala amaikana chifukwa mabatani ake amakakamira. Anaima kumbuyo kwanga, nawerenga kodi ya kapulogalamu kamene ndimalemba. "Iwe, uziba kulemba kodi? Manje uchita chani muno?" Ndinayankha kuti ndimathandiza anthu kukumbukira mapasiwedi awo. Lero andiimbira foni.

Vuto lawo ndi ili. Akufuna kuti munthu azitumiza uthenga pa foni, n'kulandira nthawi imene basi yake inyamuke. Koma chisiyireni boma mabasi, aliyense amene ali ndi basi ziwiri ndi kampani, ndipo kampani iliyonse ili ndi kamdzukulu kamene kanaipangira seva, kompyuta yoyankha mafunso pa intaneti. Ukafunsa maseva amenewa, iliyonse imayankha m'kalembedwe kake. Ina JSON, ina XML, ina mizere chabe yolekanitsidwa ndi mipatuliro, ija amati CSV. Ba Chileshe atopa kulembera iliyonse pulogalamu yakeyake. Akufuna laibulale, osati ya mabuku, koma kamtolo ka kodi koti ukakapatsa yankho lililonse, kazidziwa kokha kuti ndi la mtundu wanji n'kuliwerenga.

"Ukabwela nayo pa Satade, isebenze, desiki ilipo."

Desiki! Mpando wozungulira! Ofesi yofikamo nsapato zili kumapazi!

Dzina ndapeza kale. Ndaitcha Mphuno, chifukwa izinunkhiza.

Ndondomeko:
Lachiwiri, kulemba.
Lachitatu, kuyesa.
Lachinayi, kukongoletsa.
Lachisanu, kumeta tsitsi.
Loweruka, ulemerero.

Asanadule foni afunsa kanthu kamodzi: "Nanga ikapeza yankho yamene siiziba, izachita bwanji?" Ine osaganiza n'komwe: "Iziba vonse, ba madamu." Mawuwo atuluka okha ngati chikhosomo.

Madzulo ndauza Amayi. Ndasamala kwambiri, ndayamba ndi "mwina", ndamaliza ndi "mwina". Amayi agwada pakati pa nyumba, manja m'mwamba: "Ambuye amva!" Mwina wanga sindikudziwa kuti wagwera pati.

Amalume a Yosefe, achimwene awo a Amayi, nawonso amva. Abwera kuchokera ku Chipata kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo akugona pa bedi langa, ine pansi. Andiyang'ana ndi diso lawo labwinolo n'kunena kuti, "Agogo ako anachoka ku Ntcheu wapansi kudzakumba ngalande za anthu. Lero mdzukulu azikhala pa desiki." Ndamva kukoma. Ndamvanso kamantha pang'ono, koma ndakameza.

Lachiwiri

Njira yoyamba, yophweka. Seva ikamayankha imaika kachikwangwani pamwamba pa yankho, konena kuti m'katimu muli mtundu wanji. Ndiye Mphuno iwerenge kachikwangwani, basi. Ndalemba makasitomala asanayambe kubwera. Ndadzifunsa kuti anthu amapitiranji ku yunivesite.

Ndayesa pa makampani amene Ba Chileshe anandipatsa.

Woyamba: chikwangwani chati XML, m'kati muli XML. Ulemu kwa iwo.
Wachiwiri: chikwangwani chati XML, m'kati muli JSON.
Wachitatu: chikwangwani chati tsamba wamba la pa intaneti. Chimatero pa chilichonse, ngakhale pa chithunzi cha basi.
Wachinayi: chikwangwani palibe n'komwe. Yankho langobwera lamaliseche.

Chikomekome cha mkuyu! Ine wobadwira mu Lusaka ndimayembekezera chiyani? Ndi kangati ndakwera minibasi yolembedwa Matero ili kupita ku Chawama, kondakitala n'kumati, "Kwelani chabe, tizafika"? Maseva nawo ndi ana a kuno.

Njira yoyamba yafa isanaone dzuwa la masana. Palibe amene waona. Ndafufuta mwakachetechete.

Kasitomala wina wandisokoneza kwa nthawi yaitali. Akufuna ndimutsegulire imelo ya chibwenzi chake, osati yake. Ndakana, watukwana, wapita.

Masana Ba Tembo, eni kafe, alowa akukutumula ambulera. "Namvela ati watisiya." Nkhani yayenda chonchi: Amayi auza mayi wa zitumbuwa pa kona, mayi wa zitumbuwa wauza akazi a Ba Tembo, akazi a Ba Tembo auza Ba Tembo. Paulendo wonsewo "mwina" sanakwere nawo.

Ndati sizinatsimikizike. Iwo aseka, andimenya pa phewa: "Iwe, kuzichepesa! Osawora, nili na mwana wa sisita wanga ankhala chabe pa nyumba."

Ndimayenera kunena pomwepo kuti dikirani kaye. Ndangomwetulira ngati munthu wa desiki.

Lachitatu

Njira yachiwiri. Chikwangwani chisiye, tsegula katundu unuse wekha. Yang'ana chizindikiro choyamba cha yankho. Chikakhala kabulaketi kopindika, ndi JSON. Chikakhala kamuvi kolozera kumanzere, ndi XML. Zikapanda zimenezo koma mipatuliro ili mbwee, ndi CSV.

Zatheka! Makampani atatu ayankha, Mphuno yawadziwa onse. Ndaimirira, ndazungulira kafe yonse, ndakhalanso pansi. Mayi wina amene amalemba kalata yofunsira ntchito wandiyang'ana ngati ndadwala.

Magetsi athima. Ndinali ndisanasunge.

Magetsi abwera. Ndalembanso zonse, ndasunga pa kafulashi kanga, ndakavala m'khosi.

Ndiyeno kampani yachinayi, ija yopanda chikwangwani. Yankho lake siliyamba ndi kabulaketi kapena kamuvi. Liyamba ndi vesi. Vesi lathunthu, dzina la mneneri, chaputala, ndime, kenako "Ameni", kenako nthawi za mabasi zili pansi pake. Ndimaganiza kuti ndi ine ndalakwitsa, ndafunsanso. Vesi ndithu.

Mphuno yaona mipatuliro m'vesimo, yati ndi CSV. Yaona dzina, yati ndi tauni. Yaona manambala awiri okhala ndi timadontho pakati, yati ndi nthawi. Yalengeza molimba mtima kuti kuli basi yopita kwa mneneri, yonyamuka 29 koloko.

Ndapempha Ba Chileshe nambala ya munthu wa seva imeneyo, osawauza chifukwa. Ndi Ba Zulu, ndipo amafuna uziwatchula kuti Ba Dikoni. Ndawapatsa moni wautali, ndafunsa za kunyumba, kenako ndapempha mwaulemu kuti vesi alichotse, kapena aliike pansi. Iwo: "Vesi siichoka, mwana wanga. Kuchokela pamene tinaika vesi, kulibe basi yagwa. Uza pulogalamu yako ibadwe mwatsopano." Adula.

Ndaganiza zongouza Mphuno kuti izidumpha mzere woyamba. Ndafunsanso seva madzulo kuti ndiyese. Vesi lasintha, ndipo ili ndi lalitali, mizere itatu. Zikuoneka kuti Ba Dikoni amasankha malinga ndi mmene Mzimu wawakhudzira.

Kunyumba ndapeza malaya oyera atapachikidwa pa chitseko, ndi tayi yofiira. Amayi asiya tomato wawo m'manja mwa mnzawo pa msika n'kupita kukasankha ku salaula, pa kaunjika wa zovala. "Siungayende ku ofesi monga kabova wa pa siteshoni." Malayawo ndi abwino kwambiri, ndipo ndicho chikundipweteka.

Chinanso. Amayi alembetsa dzina kwa Abusa kuti Lamulungu akapereke umboni pamaso pa mpingo wonse. Umboni wa ntchito yanga.

Ndati, "Amayi, bwanji tidikire Loweruka?" Iwo: "Chikhulupiliro sichiyembekeza Satade."

Lachinayi

Tsiku lokongoletsa. Palibe chokongoletsa.

Njira yachitatu. Mphuno ilipatse yankho kwa owerenga onse mmodzimmodzi, wa JSON, wa XML, wa CSV. Amene sanalire ndiye wapambana. Zikumveka ngati nzeru.

Zimene ndaphunzira mpaka masana:
Wowerenga JSON amalira msanga, ndi wa mtima wapachala.
Wowerenga XML amalira pa chilichonse, ngakhale pa XML.
Wowerenga CSV salira. Mpatse chilichonse, amameza. Ndamupatsa kalata ya mayi uja wofunsira ntchito, wapezamo mabasi.
Tsamba wamba la pa intaneti nalonso limayamba ndi kamuvi, ngati XML. Dzulo ndinaiwala zimenezi pamene ndimazungulira kafe.

Ndalemba funso pa gulu lina la pa intaneti la anthu olemba kodi. Chizungu ndachisita bwino kuti asadziwe kuti ndili pa kompyuta ya mabatani okakamira. Munthu wina wa dziko lakutali wayankha mosachedwa. Akuti laibulale ikakayikira, iime, inene poyera kuti yalephera kuzindikira, ndipo wogwiritsa ntchito anene yekha mtundu wa yankho. Akuti kulota ndi koopsa kuposa kulephera.

Ndawerenga, ndatseka. Munthu ameneyu sakudziwa kuti ndinati "iziba vonse". Sakudziwa za malaya. Ndikuona kale m'maganizo mwanga: Loweruka, Ba Chileshe ali kumbuyo kwanga, sikirini n'kutulutsa mawu ofiira akuti yalephera. Ayi ndithu.

Komanso kwathu kuno sititero. Funsa njira pa msika wa Kanyama, ndani angakuyankhe kuti sindikudziwa? Ndi mwano umenewo. Munthu amaloza kwinakwake, "pitani chabe so, mukafike pa mpopi mufunse", ndipo nonse mumasiyana mwaulemu. Ine ndinakula choncho, ndiye Mphuno ikule bwanji mwina?

Ndalemba lamulo lomaliza. Zonse zikalephera, Mphuno isaime. Ifufuze m'yankhomo dzina lililonse looneka ngati la tauni, nambala iliyonse yooneka ngati nthawi, iziphatikize, ipereke ndi nkhope yowala. Nthawi yoposa 24 koloko iitaye, kuti aneneri asamakwerenso basi.

Ndayesa makampani onse anayi. Palibe chofiira ngakhale chimodzi! Mtima wakhala pansi, ngakhale sunakhazikike kwenikweni.

Ndafika kunyumba ndapeza nsapato zambiri pakhomo. Lero ndi tsiku la amayi a kutchalitchi, ndipo asankha kupempherera kwathu. Ndayesa kudutsa chozemba, andigwira. Amayi andivula kafulashi m'khosi, akaika pa mbale yagalasi ija ya alendo, pakati pa tebulo. Amayi onse atambasula manja pamwamba pake. Wina wafuula kuti chiwanda chilichonse chokhala m'kati mwa kanthu aka chituluke. Ine ndati ameni mochokera pansi pa mtima, chifukwa ndikudziwa chimene chilimo.

Atatha andipatsa moni wina aliyense. "Ukatikumbukile, ba injiniya." Mmodzi wandiuza kuti ali ndi mwana wamkazi wodziwa kuphika.

Manyazi andigwira mpaka m'makutu.

Lachisanu

Tsitsi ndameta. Pa ndondomeko yonse, ichi chokha ndicho chachitika pa tsiku lake.

Amalume abwerera kwawo mawa. Sangachedwe, chifukwa Lamulungu m'mawa kuli chinkhoswe cha mwana wa mng'ono wawo, ndipo iwo ndiwo nkhoswe ya kuchikazi. Popanda iwo palibe cholankhula, anthu angokhala kuyang'anana. Amafuna apite ku siteshoni yaikulu lero kukafunsa za basi, monga amachitira nthawi zonse.

Amayi awaletsa. "Achimwene, muzivutishila chani na matope? Mwana wanu ali na makina."

Ndiye masana ndangoona awiriwo akulowa m'kafe. Amayi avala chitenje chatsopano, Amalume jekete ndi chipewa, ngati akupita kukajambulitsa. Aima kumbuyo kwanga. Makasitomala asiya maimelo awo, atembenuka. Ba Tembo atuluka kuseri kwa kauntala.

Ndafunsa seva ya kampani imene Amalume amakwera. Mphuno yaganiza pang'ono, yayankha: Chipata, 14:30.

Basi za ku Chipata zimanyamuka m'mawa, ngakhale mwana amadziwa. Ndimafuna nditsegule yankho lenileni ndione chimene seva yanena, koma maso onse ali pa ine, ndipo Amayi akupumira pa khosi panga.

"Fotini sate?" afunsa Amalume. "Masana?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru amati, sindikutsimikiza, tiyeni tifunse ku siteshoni. Ine ndati, "Ni basi yanyowani, Amalume. Ya ekisipulesi."

Amalume avula chipewa, ayang'ana kompyuta mwaulemu. "Zinthu zasinthadi. Kale timagona pa siteshoni pofuna kupeza malo." Amayi ayang'ana makasitomala mmodzimmodzi kuti aone ngati onse amva.

Atangotuluka ndathamangira kukafunsanso seva ija. Mvula yayamba, mbale ya intaneti pa denga yasiya kugwira. Mpaka kutseka, osabwera.

Potseka Ba Tembo andigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti anandisunga ngati mwana wawo ndipo sangaime pa njira yanga. "Mwana wa sisita azayamba pa Mande. Kiyi uzanipasa pa Sande." Ndatsegula pakamwa, ndathokoza.

Kunyumba ndayesa kukonza zinthu mozungulira. Ndati, "Amalume, bwanji mulawire m'mawa ndithu, mukapeze mpando wa pawindo?" Iwo akana. "Makina anena fotini sate. Ndikakhalire chiyani tsiku lonse pakati pa akuba, diso lili limodzi?" Akuti m'mawa apita kaye kukatsanzika kwa anzawo ku komboni ya George.

Ndasita malaya. Ndatentha kansonga ka kolala, koma tayi ibisa.

Loweruka

Ndilembe mwachidule, chifukwa dzanja silikufuna.

Ofesi ndi kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya nsalu. Anthu awiri pa makompyuta, ndi desiki yachitatu yopanda munthu, pafupi ndi windo. Ndaiyang'ana kamodzi, mpando wake ndi wozunguliradi.

Ba Chileshe andipatsa tiyi. Ndalumikiza kafulashi.

JSON, yadziwa. XML, yadziwa. CSV, yadziwa. Ya Ba Dikoni, yadumpha vesi, yapereka mabasi. Ba Chileshe agwedeza mutu: "Iyi ya Ba Zulu inatilemesa maningi." Kwa kanthawi kochepa ndinali munthu.

Kenako akoka mpando, akhala pambali panga. Apatsa Mphuno yankho lopanda kanthu, lopanda ngakhale chilembo. Mphuno yabwereza basi imene inaona komaliza. Aipatsa tsamba la nyuzipepala. Mphuno yapezamo basi ya ku Ndola. Mnyamata wa pa desiki ina wasiya kutaipa.

Kenako atenga chithunzi pa kompyuta yawo, kamwana kakuseka kali ndi keke kumaso, aipatsa. Ine sindimadziwa kuti chithunzi chimasunga m'kati mwake nthawi imene chinajambulidwa. Mphuno yaipeza.

"Iyi ni pikicha ya mwana wanga," atero Ba Chileshe. "Mphuno yako ikamba ati anyamuka pa seventini."

Mnyamata uja wathamangira panja atagwira pakamwa. Ndamumva akusekera pa masitepe.

Afunsa ngati ndinaiyesapo pa munthu weniweni. Pofuna kudzipulumutsa ndati inde, dzulo, amalume anga. Ati tione yankho lake. Apa ndi pamene ndakumbukira kuti Mphuno imasunga mayankho akale, ndiye ndatsegula. Silinali yankho la mabasi ayi. Linali tsamba lopepesa. Pamwamba mayina a matauni amene kampaniyo imapita, Chipata poyamba. Pansi pake: pepani makasitomala, seva tikuikonza, ibwerera 14:30.

Ndayang'ana wotchi ya pakhoma. Basi za m'mawa zinali zitapita kale. Amalume alibe foni.

Ba Chileshe sanakalipe. Bola akanakalipa. Alankhula motsitsa, ngati nesi. "Uli na mutu, iwe. Koma pulogalamu yamene ikamba ati siniziba, ningasebenze nayo. Yamene inama, iyai. Banthu bazagona pa siteshoni." Akuti ndikadzaiphunzitsa kukana ndidzawauze, koma desiki apatsa wina, ntchito siidikira. Andiperekeza mpaka pa chitseko, andiuza kuti malaya ndi okongola.

Ndapita ku siteshoni wapansi, tayi ili m'thumba. Ndawapeza Amalume atakhala pa chikwama chawo, chipewa chili pa bondo. Anyamata oitanira anawauza kalekale: "Ba mudala, Chipata ni kuseni. Bwelani mailo." Ya mawa ikafika madzulo, chinkhoswe chitatha kapena chitalephereka. Apempha foni kwa munthu, aimbira mng'ono wawo. Akuti kumeneko kunali phokoso loti foni amachita kuitalikitsa ku khutu.

Ndawanyamulira chikwama. Takwera minibasi ya ku Kanyama. Potsika ndi pamene anena, osandiyang'ana: "Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phula ndadya ndithu."

Kwa Amayi angonena kuti basi yawasiya. Sananene kuti ndi makina. Chifundo chimenechi chandiwawa kuposa mbama.

Amayi anditembenukira, maso akuwala, nkhuku ili pa mbaula. "Nanga iwe, vayenda bwanji?"

Ndayang'ana nkhuku. Ndayang'ana Amalume. Ndati, "Bwino."

Lamulungu

Ndadzuka ndi cholinga chimodzi, kuwauza Amayi tisanafike ku tchalitchi. Pakhomo sizinatheke, amamanga duku. Pa njira sizinatheke, timadumpha zithaphwi ndipo amayi a Lachinayi atipeza pa kona. Pa chitseko cha tchalitchi ndati, "Amayi," iwo andikonza tayi n'kulowa.

Amalume akhala pambali panga. Pa ola limenelo amayenera kukhala ali ku Chipata, akulankhulira mwana wa mng'ono wawo.

Nthawi ya maumboni. Woyamba wachira msana. Wachiwiri mbuzi yake yapezeka. Wachitatu ndi Amayi.

Alankhula bwino, sindinawamvepo akulankhula chotero. Ayambira pa agogo ndi ngalande zawo. Anena za bambo anga amene ntchito inawathera pamene kampani yawo inagulitsidwa, n'kumwalira asanapeze ina. Anena za tomato amene anandiphunzitsa sukulu, za anthu amene ankati mwanayu amangosewera pa kompyuta. Mawu awathera, alira. Mpingo wonse nthungululu. Ine ndimayang'ana pansi, ndipo anthu amayesa kudzichepetsa.

Ba Tembo ali mzere wachitatu, akuomba m'manja kwambiri kuposa onse.

Abusa andiitana kutsogolo. Miyendo yapita yokha. Andisanjika dzanja, apemphera, kenako andilozetsa maikolofoni pakamwa. "Tiuze, mwana, uyamba liti?"

Amayi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, akundiyang'ana.

Ndafufuza m'mutu mwanga chilichonse chooneka ngati tsiku. "Pa Mande, Abusa."

Ng'oma, kiyibodi, kuvina. Ndabwerera pa benchi. Amalume asendera pafupi, anong'oneza: "Lolemba limeneli, wafunsanso makina aja?"

Andigwira pa bondo pang'ono, n'kubwezera dzanja pa chipewa chawo.

Masana ndapita ku kafe, poti kiyi inali idakali ndi ine. Ndatsegula Mphuno, ndafufuta lamulo lomaliza lija. M'malo mwake ndalemba timizere tochepa: zonse zikalephera, ima, nena kuti sindikudziwa, funsa mwini wake. Ndaipatsa tsamba lopepesa lija. Yayankha ndi zilembo zofiira, mopanda manyazi. Ntchito yonseyo yatenga nthawi yochepa kuposa kumeta tsitsi.

Ndathimitsa makompyuta onse, ndasesa, ndatseka. Kiyi ndakasiya kwa Ba Tembo. Akazi awo andipatsa zitumbuwa za pa ulendo, akuti mtauni chakudya n'chodula.

Zimene ndili nazo madzulo ano:
Laibulale yoona mtima, imene palibe akuifuna.
Malaya.
Amalume, amene anyamuka mawa m'mawa, ndipo akuti akafunsa okha.

Desiki ndilibe, kafe ndilibe. Mapanga awiri avumbwitsadi, ndipo kunja mvula yayambanso.

Amayi akusita malaya aja, akuimba motsitsa. Afunsa kuti mawa andidzutse nthawi yanji kuti ndisachedwe tsiku loyamba.

Ndati faifi.